Tsiku Limene Ndinagwaditsa Tiyanjane

Ndisanapite kunja ndinali mphunzitsi wa Sitandade 6 pasukulu ina kufupi ndi msika wa Lizulu. Ntchitoyo ndinkaidziwa bwino. Mwana akabwera m'kalasi osadya ndinkamuona, wina akamenyedwa kunyumba ndinkamuona, ndipo wamanyazi ndinkadziwa kuti sayenera kuimiritsidwa pagulu. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzati zimene ndinachita ku Glasgow ndinazichita chifukwa chosadziwa ana. Ndinkawadziwa.

Ndinachoka mwana wanga wamkazi Takondwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake anali atalowera ku Joni n'kungoti zii, malipiro a uphunzitsi ankatha mwezi usanafike pakati, ndiye mnzanga wina atandipezera malo panyumba yosamalira okalamba ku Scotland sindinazengereze. Takondwa ndinamusiya kwa achemwali anga ku Ntcheu. Tsiku lonyamuka sanalire. Ankangoseweretsa zipi ya chikwama changa, kutsegula, kutseka, mpaka basi inafika.

Ku Glasgow ndinafikira ku Springburn, m'nyumba zazitali zija za khonsolo, pamwamba penipeni pomwe mphepo imagwedeza mawindo. Khoma la kuchipinda kwanga linali ndi chuku chakuda chimene ndinkati ndikapukuta chimeranso. Nyengo yozizira kunkayamba kuda ana akungoweruka kusukulu. Ntchito inali kusambitsa okalamba, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, kuwasintha matewera. Ena anali okoma mtima, ankandigwira dzanja n'kumanditchula dzina la mwana wawo amene sankabwera kudzawaona. Gogo wina wamwamuna ankakuwa ndikangolowa, amvekere safuna kugwiridwa ndi munthu wakuda, koma akadziipitsira wotumidwa ndinali ine ndemwe. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi. Nyumba ya achemwali inafoleredwa ndi malata, Takondwa sanasowe nsapato.

M'nyumbamo ndinkakhala ndi Sisi Rudo, mayi wamkulu kwa ine, wojintcha, woseka mokweza. Anabadwira ku Zimbabwe, kumigodi ya malasha, koma bambo awo anali a ku Mangochi amene anapita kukagwira ntchito osabwereranso. Chichewa chawo chinali chakale, chosakanikirana ndi Chishona, ndipo ku Malawi anali asanapondeko. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kukwera sitima, kuvala masokosi awiriawiri, ndi kungoyang'ana pawindo munthu akakutukwana m'basi.

"Iwe si ticha?" anandifunsa tsiku lina ndikudzitikita msana.

"Ndinali."

"Ndiye ukuthyoleranji msana wokhawokha? Kuli ntchito ya pakamwa. Masiku amene uli ofu uzipita nane."

Ntchitoyo inali ya kabungwe kena kamene kanali ndi ofesi pamwamba pa shopu ku Dennistoun. Mwini wake anali mayi wachisikoti dzina lake Moira, munthu wa mtima wabwino amene anakhalako ku Africa miyezi ingapo ali mtsikana. Kabungweko kankatumiza anthu ngati ife kumasukulu a anthu olemera, kumene makolo amalipira fizi, kukaphunzitsa ana kulandira anthu a mitundu ina ndi kukhala nawo popanda tsankho. Ana a m'masukulu amenewo pafupifupi onse anali azungu. Phunzirolo linali ndi dzina lalitali lachizungu, koma Sisi Rudo ankangoti tikupita kukaonetsa khungu.

Ine ndinazitenga mwauphunzitsi. Ndinakhala pansi n'kulemba pulani ya phunziro monga ndinkachitira ku Lizulu. Ndinkafuna kuwauza anawo mmene munthu amamvera mlonda akamamutsata m'shopu, mmene zimakhalira mpando woyandikana nawe ukakhala wopanda munthu basi itadzaza, ndi kuti misewu ina ya mumzinda wawo ili ndi mayina a amalonda amene analemera ndi fodya ndi shuga zolimidwa ndi akapolo. Moira anawerenga mpaka pamapeto, akugwedeza mutu.

"Ndi zoona zonsezi," anatero. "Koma masukuluwa amafuna kuti ana atuluke muholo akusekerera. Mwana akakafika kunyumba atakhumudwa, kholo limaimbira ahedi, ndipo ahedi satiitananso. Yambani ndi zopepuka. Zolemerazi tidzazilowetsa akatizolowera."

Zolemerazo sizinalowe. Tinali ndi chikwama chachikulu chokoka, mmene munali zitenje, lichero, mpira wa mapepala apulasitiki ndi kang'oma kakang'ono. Sisi Rudo ankaimba ng'omayo ngakhale kuti anayamba kuigwira ali ku Scotland komweko. Ine ndinkavala chilundu ndi duku m'chimbudzi cha alendo, n'kukaphunzitsa ana kunena kuti muli bwanji.

Masukuluwo ndisawanamizire, anali okongola. Mabwalo a masewero obiriwira chaka chonse, dziwe losambiramo, chipinda cha zoimbira chokha chachikulu kuposa buloko yonse ya ku Lizulu. Koyamba kumene tinapita, mlonda wa pageti anatilozera khomo la kukhitchini poganiza kuti tabwera kudzatsuka mbale. Ana ankafunsa ngati ndinaonapo mkango, ngati kwathu kuli mafoni, ngati angagwire tsitsi langa. Sanali oipa onse. Kamtsikana kena kanandifunsa ngati ndili ndi mwana, ndipo nditati inde ali ku Malawi, kanafunsanso kuti nanga amamuperekeza kusukulu ndani. Pomwepo Sisi Rudo anaimba ng'oma kuti tipitirire. Aphunzitsi awo ankakhala kumbuyo, ena akuchonga makope, ena ali palaputopu. Pomaliza ankatijambula chithunzi n'kutipatsa fomu yoti tilembe mmene anawo achitira. Moira anali atatiuza kuti tizilemba zabwino chifukwa fomuyo imatsala pasukulu. Ndinkalemba mawu omwewomwewo paliponse, n'kusaina.

Lamulungu ndinkapemphera kutchalitchi china kumene Amalawi ambiri ankasonkhana. Kumeneko ndinadziwana ndi Mayi Chisale a ku Easterhouse, kwawo ku Dowa, amene ankadzuka m'bandakucha kukakolopa maofesi m'tauni, masana n'kukasamalira okalamba ngati ine. Anali ndi mwana mmodzi, Tiyanjane, wobadwira ku Glasgow komweko. Chichewa ankamva chonse koma ankayankha m'Chizungu cha kumeneko, chothamanga chija. Anali wachete, wanzeru zoopsa. Mapemphero akatha ena akumwa tiyi, ine ndi iye tinkakhala pakona n'kumachita masamu, ndipo posapita nthawi anayamba kundikonza ine. Ankanditchula anti.

Tiyanjane analemba mayeso n'kupata malo pa imodzi mwa sukulu za olemerazo, sukulu n'kumuchotsera fizi yonse. Tsiku limene abusa analengeza, amayi tinaimba nthungululu mpaka azungu a mumpingomo anadzidzimuka. Mayi Chisale anabwera ndi jekete la yunifolomu kutchalitchi litakulungidwa m'pulasitiki kuti abusa alipempherere. Kuyambira pamenepo mwanayo ankakwera sitima ndi basi m'mawa uliwonse, kuchoka kum'mawa kwa mzinda kupita kutsidya lina.

Patatha zaka ziwiri, Moira anatiuza kuti sukulu yomweyo yatiitana, ndipo anatichenjeza kuti ndi sukulu yaikulu, ikatikonda ena onse atsatira. Nditawauza Mayi Chisale anakondwera.

"Mukamuone mwana wathu kumeneko, aphunzitsi," anatero. "Kunyumba sanena kanthu. Ndikafunsa amangoti zili bwino. Mukandionere ndi maso anu."

Tsikulo kunali mvula yowaza. Anatilowetsa muholo yaikulu ya matabwa, ana a zaka khumi ndi zinayi atakhala m'mizere. Tiyanjane ndinamuona nthawi yomweyo, chifukwa wakuda anali yekha. Anakhala kumapeto kwa mzere wachitatu, mutu uli pansi. Maso athu atakumana anapukusa mutu pang'ono, pang'ono kwambiri, koma ndinaona.

Phunziro linayamba moipa. Ana a msinkhu umenewo sasangalala ndi lichero. Ndinati muli bwanji, anayankha atatu okha. Sisi Rudo anaimba ng'oma, anyamata akumbuyo n'kumaseka chamumtima. Achiwiri kwa ahedi, bambo wamtali wa suti yotuwa, anaima pakhomo akuyang'ana wotchi. Ndinaganiza za mawu a Moira. Ndinaganizanso, ndisabise, kuti ndiwaonetse anthuwa kuti ifenso tili ndi wathu pano, wanzeru kuposa ambiri a iwo.

"Tiyanjane, mwana wa kwathu, uli bwanji?" ndinaitana m'Chichewa, mokweza.

Ana anayamba kucheukacheuka kufuna mwini dzinalo. Mphunzitsi wina wamkazi anadzutsa mutu palaputopu n'kunena kuti, "Mukunena Jane? Sitinkadziwa kuti ali ndi dzina lina." Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti pasukulupo ankadziwika ndi mapeto a dzina lake okha. Ndikanatha kusiyira pomwepo. M'malo mwake ndinapita pamzere wake, ndinamugwira dzanja n'kumukokera kutsogolo. Dzanjalo linali lozizira. Tikuyenda anandinong'oneza.

"Auntie, please, no."

Ndinamva bwinobwino. Ndinamuyankha chapansipansi kuti usachite manyazi ndi kwanu. Ndinatenga chitenje n'kumumanga pamwamba pa siketi ya yunifolomu, ndinamupatsa kapu ya madzi, n'kuuza holo yonse kuti tsopano muona mmene mtsikana woleredwa bwino kwathu amaperekera madzi kwa wamkulu. Ndinakhala pampando. Tiyanjane anaima kanthawi, kenako anagwada pamatabwa aja n'kundipatsa kapuyo ndi manja awiri, monga mayi ake anamuphunzitsira. Holo inati zii. Tsopano onse ankayang'ana, ngakhale anyamata akumbuyo aja, ndipo ena anali atatulutsa mafoni pansi pa majekete.

Chete ameneyo anandikoma. Ndinaika dzanja pamutu pa mwanayo ali chigwadire n'kuwauza kuti mayi ake ndimawadziwa, ndi mayi olimbikira, amadzuka kusanache kukakolopa maofesi kuti mwana wawoyu aphunzire, ndipo malo ano anawapeza ndi nzeru zake, osati ndi thumba la makolo. Ndinkaona ngati ndikumutamanda. Ana anaomba m'manja. Achiwiri kwa ahedi aja anabwera akumwetulira, anatijambula chithunzi Tiyanjane akadali m'chitenje, n'kunena kuti ili linali phunziro labwino koposa. Ndinalemba fomu ija, ndinasaina.

M'basi pobwerera, titadutsa m'tauni, Sisi Rudo anatembenukira kwa ine.

"Wamuvula mwana uja pagulu," anatero.

"Ndamuveka chitenje cha kwawo."

"Wamuvula. Ine ndinakulira pasukulu imene ankanditchula mubwidi, dzina lonyozera ochokera ku Malawi, chifukwa cha bambo anga. Mwana akabisa chinthu, amakhala akudziwa chimene akuthawa."

Ndinakwiya, ndinati iwo sanaphunzitsepo.

Tiyanjane anasiya kubwera kutchalitchi. Mayi ake ankati ali ndi homuweki yambiri. Moira anatiuza kuti chithunzi chija achikhoma m'khonde la sukulu ndiponso achiika m'kalata yopita kwa makolo onse, ndipo masukulu ena awiri atiitana. Ndinasangalala. Panatha mwina miyezi iwiri.

Lamulungu lina masana Mayi Chisale anagogoda pakhomo pathu ku Springburn. Anali asanabwerepo. Anakana tiyi, anakhala kumapeto kwa mpando chikwama chili pamiyendo, jasi osavula.

"Aphunzitsi, sindinabwere kudzakangana," anayamba choncho. Kenako anafotokoza, mawu ali pansi, ngati akunena za mwana wa munthu wina. Kuyambira tsiku lija, Tiyanjane akamadutsa m'khonde anyamata ankagwada n'kumukwezera mabotolo a madzi. Kanema wa kugwada kuja anazungulira m'mafoni atamuikira kulira kwa anyani. Palokala pake, posungira mabuku, ankapezapo chokolopera chitatsamira. Atsikana awiri amene ankadya nawo, amene anali atawauza kuti mayi ake amagwira ntchito m'maofesi a m'tauni, anasamukira tebulo lina. Mwanayo sananene kanthu kunyumba. Ankavala yunifolomu m'mawa, n'kumakakwera sitima uku ndi uku kapena kukhala mulaibulale mpaka nthawi yoweruka. Mayi ake anadziwa sukulu itaimba kufunsa chifukwa chake wajomba masabata atatu.

"Siketi ikumugwa," anatero Mayi Chisale. "Ndikamuikira chakudya amangochitembenuza. Dzulo ndapeza tsitsi papilo, akumadzizula yekha."

Ndinafuna kugwada pamaso pawo koma sindinatero. Ndinangoti pepani.

"Pepaniyo musunge kaye. Ndalemba dandaulo, andiitana Lachinayi. Chizungu changa mukuchidziwa, akayamba kuthamanga ndimasochera. Mupite nane. Inu munaliko, mukanene zimene munaona."

Moira atamva anandiimbira. Anati zamukhudza kwambiri, koma ndisapite, m'malo mwake tipemphe sukuluyo kuti tikachititse phunziro lachiwiri lokhudza kunyozana. Anati ndikapita ngati mboni ya kholo, masukulu onse amva, chifukwa ahedi awo amadziwana. Ndinawauza Sisi Rudo, popeza ntchitoyo inali yawonso, ndipo iwo maondo anali atayamba kale kuwavuta moti ntchito ya okalamba ankaigwira movutika.

"Pita," anatero. "Ng'oma ija inanditopetsa kale."

Lachinayi tinakumana ndi Mayi Chisale pasiteshoni. Anavala suti yawo ya kutchalitchi. Titafika pasukulupo anatilowetsa m'chipinda cha kapeti wofewa, patebulo pali tiyi ndi mabisiketi. Munali achiwiri kwa ahedi aja ndi mayi wina wolemba zokambirana. Bamboyo anali waulemu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anati sukulu yawo silekerera tsankho ngakhale pang'ono, anyamata awiri alankhulidwa kale, koma pofufuza apeza kuti kunali kusereula kwa ana kumene kunapitirira muyeso, osati chidani. Kanemayo anati sanamupeze. Kenako anatsegula fayilo. Munali satifiketi yochokera kwa Moira yosonyeza kuti ana onse aphunzitsidwa za kulandirana, munali chithunzi chija, ndipo pansi pake panali fomu. Anaitembenuza kuti iyang'ane kwa ine.

"Awa ndi malemba anu, si choncho, mayi?"

Anali anga. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono kuti Mayi Chisale amve: ana a pasukulu ino ndi aulemu, omasuka ndi okonda anthu a mitundu yonse. Anawonjeza kuti akuyenera kutikumbutsa, mosafuna kuopseza, kuti thandizo la fizi limayendera kuti mwana azipezeka m'kalasi.

Mayi Chisale anandiyang'ana. Ndinayamba kulankhula. Ndinati mawu amenewo ndimalemba pasukulu iliyonse, ngakhale ndisanawadziwe ana ake. Ndinati chimene tinachita tsiku lija sichinali phunziro koma chionetsero, chifukwa ola limodzi la ng'oma ndi zitenje silingasinthe mwana amene aphunzitsi ake akhala kumbuyo akuchonga makope. Ndinati mwana akafika podula dzina lake kuti akhale pamtendere, ndiye kuti vuto linalipo ine ndisanabwere, ndipo pa zaka ziwiri palibe mphunzitsi amene anamufunsa. Ndinati ndinamukoka akukana, ndinamugwaditsa, ndinaulula za mayi ake popanda chilolezo, ndipo aphunzitsi onse amene anali muholomo anaomba m'manja.

Nthawi yonseyi mayi wolemba uja cholembera chinali m'mwamba. Nditamaliza, bamboyo anandithokoza chifukwa cholankhula moona mtima.

"Ndiye ngati ndamva bwino," anatero, "mukuvomereza kuti zonsezi zinayamba ndi mmene inu munayendetsera phunziro lanu."

Apo mayi uja analemba.

Tinatuluka mvula ikugwabe. Pageti Mayi Chisale anaima kumanga mpango kumutu.

"Mwayesetsa, aphunzitsi," anatero. Anakakwera basi ina, ngakhale kuti tonse tinkalowera kusiteshoni imodzi.

Kalata ya sukulu inafika kwa Mayi Chisale patatha sabata. Inati apeza kuti mlendo wochokera kubungwe lakunja anachita zosayenera, apepesa chifukwa cha zimenezo, ndipo bungwelo sadzaliitananso. Za anyamata aja munali mzere umodzi. Moira analira pondiuza kuti sangapitirize nane. Pasanathe chaka kabungweko kanatseka, Sisi Rudo n'kubwerera kukanyamula okalamba masiku onse. Ndinamva kuti sukuluyo inapeza bungwe lina, la anthu a masuti, lophunzitsa zomwezo ndi makanema.

Tiyanjane sanabwerereko. Anamaliza pasukulu ya boma ya ku Easterhouse, ndipo ndinkamva kwa ena kuti anadwala nthawi yaitali asanayambe kulimba. Mayi Chisale sanasiye kundipatsa moni kutchalitchi. Ankati muli bwanji aphunzitsi, ine ndili bwino kaya inu, basi. Nkhani ija sanaiuze munthu, koma mpingo wonse unkadziwa, ndipo palibe kholo linandipatsanso mwana kuti ndimuthandize masamu.

Mwanayo ndinadzakumana naye kamodzi kokha, patatha zaka. Ndinalowa m'shopu ina ya mankhwala m'tauni kukagula mafuta otikitira msana, ndipo patilu panali iye, atatalika, tsitsi atameta lalifupi. Pabaji ya pachifuwa panalembedwa Jane. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu, ndiye ndinalankhula. Ndinati ndakhala ndikufuna kumupepesa, ndinalakwa, ndinkaganiza kuti ndikumukweza. Anamvetsera akulongedza botolo m'kapepala. Anayankha m'Chizungu kuti pasukulu paja sipanali pabwino ngakhale kale, koma anali atapeza njira yake yodutsira, ndipo ankangofuna zaka zinayi zokha kuti amalize. Kenako anandiyang'ana n'kulankhula Chichewa, koyamba chimudziwireni, chopindika koma chomveka.

"Ndinakuuzani kuti ayi."

Anandipatsa kapepalako n'kuitana kasitomala wina.

Zaka zotsalazo zinali za okalamba okhaokha. Sisi Rudo anagwa m'bafa la kuntchito akunyamula gogo wina, anachita sitiroko, anagona m'chipatala miyezi iwiri osalankhula. Atamwalira tinasowa kotumiza mtembo. Ku Zimbabwe kunalibenso wawo, ku Mangochi sitinkadziwa mudzi wa bambo awo. Tinawaika ku Glasgow komweko, anthu osakwana khumi ndi awiri, ndipo nyimbo tinaimba za Chichewa. M'chipinda chawo munalowa mtsikana wina amene sindinazolowerane naye. Msana wanga nawo unafika poti sindinkatha kutembenuza munthu pabedi, ndipo ntchito itatha, mapepala ondilola kukhala m'dzikomo anathera pomwepo. Ndinalongedza.

Ku Ntcheu ndinapeza achemwali atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Abale anabwera ambiri masiku oyamba, ankanditchula a ku UK, ndipo ataona kuti ndabwera ndi masutikesi awiri ndi msana wopindika anayamba kuchepa. Takondwa anali Fomu 3 pasekondale yoyendera. Anali wamtali kuposa ine. Achemwali ankawatchula amayi, ine ankanditchula mami, ndipo ankandilankhula mwaulemu wonse umene munthu amapereka kwa mlendo wogona masiku angapo.

Loweruka lina ankachapa yunifolomu yake kuseri kwa nyumba, ine nditakhala pampando pafupi. Osadzutsa mutu anati, "Amayi amati munkaphunzitsa ana a azungu."

"Kwa kanthawi."

"Simungandipezere malo kumeneko? Ndimakhoza bwino. Mukhoza kufunsa aphunzitsi anga."

Ndinaona kuti ndiyenera kumuuza. Ndinamufotokozera zonse, za holo ija, za chitenje ndi kapu ya madzi, za chokolopera palokala, za tsitsi papilo, za fomu imene ndinasaina. Sindinadzichepetsere mlandu. Ndinkafuna adziwe kuti kumene akukusirirako kumadya ana, ndiponso, ndikuganiza, ndinkafuna kuti mwana wanga andidziwe mmene ndilili. Anamvetsera manja ali m'beseni, osachapa.

Nditamaliza anafunsa, "Pasukulupo aliyense anali ndi buku lakelake?"

"Inde."

"Ndi labu ya sayansi? Yokhala ndi zipangizo?"

"Analipo angapo."

Anatulutsa siketi m'madzi, anaifinya mwamphamvu, madzi akutsika m'zigongono.

"Ine ndikanagwada tsiku lililonse," anatero. "Akanandiseka mpaka atatopa."

Ndinati sakudziwa chimene akunena, kuti kukhala wekha pakati pa anthu amene akukuseka si chinthu chopepuka.

"Kukhala ndekha ndimakudziwa, mami," anatero.

Ananyamula beseni n'kupita kukayanika.